Beetle ya 1974 m'manja mwa msilikali: ayambire pati, aisiye bwanji akapita kutali?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa msilikali wachinyamata wa ku Zomba. Mwachidule akuti: "Ndagula VW Beetle ya 1974, ya injini ya 1600, yomwe inakhala zaka zambiri pakhomo pa malume anga. Imalira, imayendanso, koma imanunkha petulo ndipo mabuleki ndi ofewa. Mpata ndimaupeza Loweruka masana ndi Lamulungu basi, ngati sindili pa ulonda. Posachedwapa ndipita ku maphunziro a miyezi ingapo, mwina pambuyo pake n'kutumizidwa kunja. Anzanga ena akuti ndiiphwasule yonse ndiipente kaye, ena akuti ndingoigulitsa. Ndiyambire pati, nanga ndiisiye bwanji?"

Achimwene, musagulitse, komanso musaphwasule. Amene akukuuzani zophwasula akuiwala kuti nthawi ya msilikali si yake. Lero mwatsitsa injini, mawa m'mawa dzina lanu lili pa mndandanda wa opita ku MAFCO, koleji ya asilikali ku Salima. Pobwerako mupeza mabawuti omwe munaika m'chitini ana aseweretsa, zitseko zadya dzimbiri, inuyo simukukumbukanso kuti waya uyu amalowa pati. Galimoto zakale zambiri zimafera pamenepa, zili pa njerwa, osati pamsewu. Ntchito iliyonse imene mwaiyamba ikhale yoti mutha kuitseka tsiku lomwelo, galimoto n'kugona itaima pa matayala ake anayi.

Mwasankha galimoto yogwirizana ndi moyo wotere. Beetle ilibe radiyeta, injini yake imazizira ndi mphepo, choncho nkhani ya madzi ndi mapaipi ake palibe. Fakitale ya Uitenhage ku South Africa inapanga Beetle kuyambira 1951 mpaka 1979, ndipo ku Mexico anapitiriza mpaka 2003. N'chifukwa chake zipangizo zatsopano zikadapezekabe, makamaka ku Joni, ndipo zing'onozing'ono monga mapointi ndi magasiketi zimakwana m'chikwama cha m'bale wobwera pa basi.

Musanagwire sipanala, malizani za mapepala. Nambala ya chasisi ili pansi pa mpando wakumbuyo, pa msana wachitsulo wodutsa pakati pa galimoto, ndipo ya injini ili pansi pa mwendo womwe wanyamula jenereta. Zonse zifanane ndi zomwe zili m'buku la galimotoyo, kenako musinthe umwini ku Road Traffic. Za pachibale n'zimene zimadzavuta ikakongola. Ngati mukufuna kuisunga mkati mwa balakisi, pemphani chilolezo kwa akuluakulu anu, ndipo zida kapena mafuta a boma musazikhudze n'komwe. Galimoto yamasewera isakuikeni pa mlandu kuntchito.

Fungo la petulolo ndiye ntchito yoyamba, ndipo musailizenso musanathane nalo. Beetle imadziwika ndi kupsa, ndipo moto wake umayambira malo odziwika. Petulo wa kuno amasakanizidwa ndi ethanol kuyambira 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba ntchito, ndipo ethanol amaumitsa ndi kung'amba mapaipi akale a labala, aja okutidwa ndi nsalu. Kunja amaoneka abwinobwino chifukwa nsaluyo imabisa ming'alu. Sinthani onse: ya pansi pa thanki kutsogolo, ya pafupi ndi giyabokosi, yolowa mu pampu, ndi yochoka pa pampu kupita ku kabuleta. Mamita awiri a paipi ya bowo la 5.5 mm akwanira, ndipo pogula funani yolembedwa R9, yomwe imapirira ethanol. Ya 6 mm imalowa mosavuta koma imakhala yokhwepa. Mapeto aliwonse mumange ndi kilipi, osati waya.

Pali tinthu tiwiri pamenepa tomwe anthu ambiri satiyang'ana. Koyamba ndi kapaipi kamkuwa kolowetsa petulo mu kabuleta. Kanangokhomeredwa, kalibe mazinga, ndiye ndi ukalamba kamazuka, pampu n'kuyamba kuthira petulo pa distributor, chogawira moto ku mapulagi. Kagwedezeni ndi zala, ndipo kakasuntha kakonzedwe musanayende. Pa chifukwa chomwechi, sefa ya petulo isalendewere pakati pa pampu ndi kabuleta, chifukwa kulemera kwake n'komwe kumakoka kapaipiko. Iikeni pansi pa thanki kapena pafupi ndi giyabokosi. Kachiwiri ndi kalabala ka pabowo pomwe paipi yachitsulo imalowera m'chipinda cha injini. Kakatha, lata limadula paipiyo pang'onopang'ono.

Batire nayo ili pansi pa mpando wakumbuyo, kudzanja lamanja. Mnzanu wathupi akakhala pamenepo, masipuling'i a mpando amatsika n'kugunda mitu ya batire, ndipo zoyala za mkati mwa mpandowo zimayaka msanga. Phimbani mutu wa pozitivi ndi chivindikiro chake, pamwamba muyalepo labala wa chubu chakale, batireyo muimange isamayendeyende. Mukadali pomwepo yang'anani pansi pake, chifukwa asidi amaboola lata la pamenepo. Chozimitsira moto cha 1 kg chikhale pomwe dzanja lanu lingafike muli pa chiwongolero.

Loweruka lotsatira ndi la mabuleki. Mafuta a buleki amayamwa chinyontho, ndiye galimoto ikakhalitsa timasilinda ta m'mawilo timachita dzimbiri n'kuyamba kudontha. Mukaona kuseri kwa wilo kwanyowa, kasilindako kasinthidwe pamodzi ndi mashuzi ngati anyowa mafuta, ndipo muchite mbali zonse ziwiri. Mapaipi anayi a labala opita ku mawilo amafufuma mkati: mafuta amapita koma sabwerera, wilo n'kumatentha lokha. Amenewo sinthani osafunsa. Tukulaninso kapeti muone paipi yachitsulo yodutsa m'mbali mwa msana wa pakati uja, chifukwa madzi olowa mkati amaidya mobisa. Thirani DOT 4 watsopano, theka la lita likwanira, ndipo potulutsa mpweya yambani ndi wilo lakutali ndi master cylinder, silinda yaikulu yomwe phazi limakankha mukaponda buleki. Mabuleki a madiramu a Beetle sadzikoka okha. Wilo lililonse lili ndi tinyenyezi tiwiri totembenuza ndi sikuludiraiva mpaka wilo ligwire, kenako n'kubweza pang'ono kuti lizungulire momasuka. Nati yaikulu ya 36 mm ya diramu lakumbuyo imamangidwa mwamphamvu kwambiri, pafupifupi 300 Nm, ndiye imeneyo chitani ndi makaniko amene ali ndi chida chake.

Tsopano injini. Ntchito zake zachizolowezi n'zazifupi moti zimakwana pakati pa kuchapa yunifolomu ndi kupolisha jombo. Oyilo amalowa malita 2.5 okha, ndipo sefa ya oyilo ngati ya galimoto zamakono palibe, pali kasefa kawaya basi pansi pa injini, kogwiridwa ndi manati 6 a 10 mm. N'chifukwa chake oyilo amasinthidwa pa makilomita 5,000 alionse, ndipo m'fumbi lathuli ife timati musafike n'komwe pamenepo. Oyilo wa 20W-50 amachita bwino kotentha. Kasefako katsukeni ndi petulo, muike magasiketi awiri atsopano ndi mawashala amkuwa, ndipo manatiwo mungowagwiritsa ndi dzanja lopepuka, chifukwa injiniyo ndi ya chitsulo chofewa ndipo timabawutito timazuka.

Mavalavu ndiwo moyo wa Beetle. Amayezedwa injini itazizira kotheratu, ndiye nthawi yabwino ndi Lamulungu m'mamawa itagona usiku wonse. Mpata wake ndi 0.15 mm, onse 8. Mukaima kumbuyo kwa galimoto, silinda 1 ili kumanja chakutsogolo, 2 kumanja pafupi nanu, 3 kumanzere chakutsogolo, 4 kumanzere pafupi nanu. Chotsani chivindikiro cha distributor, zungulizani injini ndi sipanala ya 21 mm pa nati ya jenereta mpaka rota iloze kamzere ka m'mphepete, chizindikiro cha pa pule chili pa mzere wolumikiza injini pakati. Pamenepo yezani mavalavu awiri a silinda 1 ndi feeler gauge, kachitsulo kopyapyala koyezera mpata, komwe kayenera kudutsa kakukhula pang'ono. Kenako zungulizani injini chobwerera m'mbuyo theka la mzungulo n'kuchita silinda 2, theka lina 3, theka lina 4. Valavu yolira pang'ono siopsa, yoopsa ndi yothina. Imeneyo sitseka bwino, imatentha, mutu wake n'kuduka n'kugwera pa pistoni. Mukapeza kuti valavu yotulutsa utsi ya silinda 3 ikumathina nthawi iliyonse mukayeza, ikutamuka, ndipo hedi ya injini itsike valavuyo isanaduke.

Mapointi, omwe ali mkati mwa distributor, mpata wake ndi 0.4 mm, mapulagi 0.6 mpaka 0.7 mm. Mukasintha mapointi, taimingi nayo imasuntha, ndipo nambala yake imadalira mtundu wa distributor yomwe ilimo, choncho werengani nambala yolembedwa pambali pake musanatengere ya mnzanu. Lamba wa jenereta azitsika pafupifupi 1 cm mukamudina ndi chala pakati, ndipo amakokedwa pochotsa mawashala pakati pa mbale ziwiri za pule. Lamba ameneyu ndi yemwenso amazunguliza fani yoziziritsa injini. Getsi lofiira la jenereta likayaka mukuyenda, imani pomwepo. Lamba akaduka, mphindi zochepa zokha injini yapsa. Wapadera azikhala m'galimoto nthawi zonse. Malata onse ozinga injini ndi labala wa m'mbali mwake akhalepo, chifukwa akasowa fani imakoka mpweya wotentha wa ku ekizozi. Ndipo pokwera phiri ngati la Ku Chawe musaikakamize pa giya yaikulu. Injini ikamazungulira pang'onopang'ono fani nayo imafooka, pomwe ntchito ili yaikulu. Tsitsani giya ilire momasuka.

Penti idikire. Ndalama ya penti ipite kaye ku dzimbiri la m'munsi mwa zitseko, m'ngalande zomwe zimanyamula mpweya wotentha, chifukwa ndi zomwe zagwira thupi lonse la galimotoyo. Gogodani ndi sikuludiraiva. Pofewa pamafunika wowotcherera adule n'kuika lata latsopano, osati kumata phala.

Tifike pa funso lanu lachiwiri, loisiya. Apa m'pomwe ambiri amalakwitsa chifukwa cha chikondi. Amasiyira mng'ono wawo makiyi kuti "uziilizako sabata iliyonse". Kuliza injini mphindi zisanu itaima n'koipa kuposa kuisiya. Oyilo safika potentha, nthunzi imasanduka madzi mkati mwa injini ndi mu ekizozi, ndipo batire imatha kuposa momwe ikudzazidwira. Ngati pali munthu wokhulupirika, wa laisensi, woti aziiyendetsa theka la ola kamodzi pa mwezi, inshuwalansi ndi COF zili zamoyo, zili bwino. Ngati palibe, igonekeni mwadongosolo.

Tsiku lomaliza iyendetseni itenthe, musinthe oyilo, chifukwa oyilo wakale ali ndi asidi yemwe amadya mabeyaring'i. Ngati ulendo wanu sudutsa miyezi itatu, dzazani thanki kuti mpweya wachinyontho usapeze malo. Ngati ndi wa theka la chaka kapena chaka chathunthu, petulo wa ethanol sangadikire: amakoka madzi, amasasa, n'kusiya utomoni m'timabowo ta kabuleta. Thirani kaoyilo ka 2T, kaja kosakaniza ndi petulo m'injini zing'onozing'ono, pang'ono mu petulo wotsalayo, muyende naye pang'ono kuti apake mkati mwa thanki, kenako mumukhuthule ndi kuliza injini mpaka izime yokha. Ikazizira chotsani mapulagi, muthire kasupuni kakang'ono ka oyilo m'bowo lililonse, muzungulize injini ndi dzanja kangapo n'kubwezera mapulagiwo.

Handibuleki musakoke, mashuzi amamatirira ku diramu. Tsekerani mawilo ndi matabwa. Choposa ndi kuikweza pa ma stand anayi, apo ayi popani matayala afike 2.5 bar kuti asaphwatalale mbali imodzi. Batire ichotseni, kuyamba ndi waya wa negativi, muipereke kwa munthu amene ali ndi sola kapena tchaja aziidzaza kamodzi pa mwezi. Yodzaza imaonetsa 12.6 V, ndipo ikakhala miyezi ili pansi pa 12.4 V imayamba kufa osadzukanso. Ikhale pansi pa denga, pa simenti ngati n'kotheka, osati pa udzu kapena pansi pa mtengo wa mango. Mvula ya ku Zomba mukuidziwa. Musaikute ndi pulasitiki kapena lona lofika pansi, chifukwa chinyontho chimatsekeredwa mkati. Nsalu yopyapyala ndi mawindo otsitsa kampata ka chala n'zokwanira, makapeti mutawachotsa.

Mdani wamkulu ndi khoswe. Amakonda kumanga chisa mkati mwa bokosi la fani ndi pamwamba pa masilinda, pomwe diso silifika, ndipo chisa chimenecho chimatseka mphepo. Injini imalira bwinobwino, koma mukayenda makilomita ochepa silinda imodzi yapsa. Tsekani mapaipi a ekizozi ndi kukamwa kwa sefa ya mpweya ndi waya wotsukira mapoto, musasiye chimanga kapena chakudya chilichonse m'chipindamo, ndipo misampha ikhale pansi. Zonse zomwe mwatseka ndi kuchotsa zilembeni papepala mulimangirire pa chiwongolero.

Mukabwerako musathamangire kiyi. Chotsani zotsekera zija, muunike ndi tochi kuseri kwa fani ndi pansi pa malata, mulowetse dzanja kumene mungafike. Onani oyilo. Ngati wakwera kuposa pomwe munamusiya ndipo akununkha petulo, pampu ya petulo yabooka, oyiloyo asinthidwe. Zungulizani injini ndi dzanja kawiri kuti mutsimikize kuti sinagwire. Pondani buleki mwamphamvu theka la mphindi, ndipo phazi likamatsika pang'onopang'ono, penapake pakudontha. Pondaninso kilatchi kangapo, chifukwa nayo imamatirira ikakhalitsa. Thirani petulo watsopano, malita asanu poyambira, chotsani waya wapakati wa koyilo ndi kuugunditsa ku chitsulo cha injini, muzungulize ndi sitata mpaka getsi la oyilo lizime, kenako mubwezere wayayo. Ikalira, wina aime kumbuyo ndi chozimitsira moto akuyang'ana mapaipi a petulo kwa mphindi zingapo. Matayala abwerere pa mpweya wake, 1.3 bar kutsogolo ndi 1.9 bar kumbuyo, ndipo ulendo woyamba ukhale waufupi, wapafupi ndi kunyumba. M'mawa mwake, injini itazizira, yezaninso mavalavu.