Masters ya social work: funsani za atachimenti musanalipire fizi

Mayi wina walemba kuti: "Mwana wanga anamaliza digiri yoyamba ya sociology ndipo akugwira ntchito m'bungwe lothandiza ana. Wapeza masters ya social work yophunzira pa intaneti, ndiye akuti ndimuthandize fizi. Kodi ndalamazi sizilowa m'madzi?"

Mayi, mwachita bwino kufunsa musanatulutse ndalama. Ambiri amabwera kwa ine fizi itapita kale.

Dzina loti masters ya social work limabisa maphunziro a mitundu iwiri. Ilipo yophunzitsa munthu wochokera m'maphunziro ena, ngati mwana wanuyu, mpaka akhale social worker wovomerezeka. Ilipo ina ya anthu amene ali kale pa ntchitoyi, yomwe imatsamira pa kafukufuku, ndondomeko za boma kapena kayendetsedwe ka mabungwe. Yachiwiriyi si yoipa ayi, koma munthu wa sociology akaitenga, kawirikawiri amatuluka ndi satifiketi yokongola yomwe bungwe lolembetsa ma social worker siliyiwerengera.

Chosiyanitsa chachikulu ndi atachimenti. Ku America, bungwe lovomereza maphunzirowa la Council on Social Work Education limafuna kuti wophunzira masters akwanitse maola osachepera 900 akugwira ntchito yeniyeni moyang'aniridwa, ndipo kosi yonse imatenga zaka ziwiri kwa wophunzira tsiku ndi tsiku. Amene digiri yake yoyamba ndi ya social work amatha kuidula kukhala chaka chimodzi, koma mwana wanu mwayi umenewu sumukhudza. Ku England amawerenga masiku 200, ndipo kumeneko ndi mlandu kudzitcha social worker usanalembetsedwe ndi Social Work England. Ku South Africa njira yodziwika ndi digiri yoyamba ya zaka zinayi, kenako kulembetsa ku South African Council for Social Service Professions; masters imabwera pambuyo pake. Dziko lililonse lili ndi khomo lake.

Maola amenewa sawaikira kuzunza ophunzira. Buku likhoza kukuuzani zizindikiro za mwana wochitiridwa nkhanza, koma silingakukhazikeni m'chipinda ndi mtsikana wa zaka khumi amene akungopotokola nsonga ya diresi, osayankha chilichonse, bambo ake womupeza atayima pakhomo. Mukatuluka m'menemo mumalemba lipoti lomwe mwina likawerengedwa kukhoti. Woyang'anira wanu amalitenga, n'kuloza chiganizo chimodzi, n'kufunsa: "Ichi munachiona, kapena mwangochiganiza?" Funso limenelo ndi limene limapanga social worker, ndipo kompyuta payokha siingalifunse.

Sindikunyoza maphunziro a pa intaneti. Alipo abwino, ndipo abwinowo amakhala ndi atachimenti yofanana ndi ya amene akuphunzira pasukulu penipeni. Mwana wanu afunse yunivesiteyo kuti malo a atachimenti amapeza ndani, iwo kapena iye, ndiponso womuyang'anira ayenera kukhala ndi ziyeneretso zotani. Akamuyankha mozungulira, kapena akati kosiyo ilibe atachimenti n'komwe, wadziwa kale mtundu wa masters imene akumugulitsa.

Pali chinanso chimene chimagwetsa anthu apantchito. Atachimenti imachitika masana, nthawi yomwe maofesi, zipatala ndi makhoti zili zotsegula, ndiye kuti nthawi yomweyo imene abwana a mwana wanu akumufuna. Mayunivesite ena amalola kuchitira pamalo pomwe ukugwira ntchito, pokhapokha upatsidwe ntchito zina ndi woyang'anira wina. Akambirane ndi abwana ake panopa, osati chaka chachiwiri chitafika. Inunso powerengera ndalama musaone fizi yokha. Ganizirani miyezi imene malipiro ake angachepe kapena kuima.

Ngati cholinga chake ndi kuyendetsa mapulojekiti kapena kuchita kafukufuku, masters ya mtundu wachiwiri ija ikhoza kumukwanira, ndipo sangavutike ndi za kulembetsa. Koma ngati akufuna kugwira nkhani za ana ndi mabanja ndi manja ake, alembere bungwe lolembetsa ma social worker, kapena unduna woona za chisamaliro cha anthu, m'dziko limene akufuna kudzagwira ntchito. Atchule dzina lenileni la kosiyo ndi yunivesite yake, afunse ngati womaliza kosiyo amavomerezedwa, ndipo yankho lake likhale lolembedwa. Fizi yoyamba mulipire kalatayo ikafika.