Funsani Ankolo: Kodi sitelingi wophimba kumaso uja analipodi?

FUNSO

Ankolo, ine ndine mnyamata wa kabaza kuno ku Mzuzu, ndimakhala ku Chibavi. Madzulo tikaweruka timakonda kuonera mafilimu a ku China omasulira aja, ndiye pali ina yatikanganitsa koopsa pa siteji pathu, ya Iron Monkey, dokotala uja masana amachiza anthu koma usiku amavala zakuda nkuphimba kumaso kukaba golide wa bwanamkubwa kumagawira osauka. Mnzanga akuti munthuyu analipodi, ine ndikuti nzopeka, mpaka tabetcherana chipisi cha pachiwaya. Komanso bwanji m'mafilimu awowa wa boma amangokhala wakuba, boma lawo silikwiya?

Wowerenga, Chibavi

YANKHO

Mphwanga, chipisicho ndi chako koma mnzakoyo umugawireko pang'ono poti sananame zonse. Dokotala wa masikiyo ndi wopeka. Filimuyi inatuluka ku Hong Kong mu 1993, anaiwongolera ndi Yuen Woo-ping. Koma kamnyamata kovuta kaja kamene kamamenya zigawenga pamsika ndi Wong Fei-hung, ameneyu ndiye analipodi, anabadwa mu 1847 nkumwalira mu 1925, anali katswiri wa kung fu komanso sing'anga, chipatala chake chinali ku Guangzhou dzina lake Po Chi Lam. Bambo ake Wong Kei-ying, amene Donnie Yen akusewera mufilimumo, nawonso anali munthu weniweni. Basi olemba anangotenga anthu awiri enieni nkuwaponya mu nthano. Ndipo ukamuuze mnzakoyo kuti amene anasewera kamnyamatako ndi mtsikana, Angie Tsang, muyambirenso kubetcherana.

Za wa boma wakuba, nkhani imeneyi ndi yakale kuposa kamera. Mtundu wa nthano zimenezi amautcha wuxia, ndipo zaka zoposa 2,000 zapitazo anzeru a kumeneko anali atayamba kale kukangana za anthu amalupangawa, Han Feizi ankati ndi ophwanya malamulo basi pomwe wolemba mbiri Sima Qian ankawayamikira kuti akalonjeza amachita ndipo amathandiza munthu amene wasowa kolowera. Kenako cha m'ma 1300 kunabwera buku la Water Margin, la zigawenga 108 zomwe zinakabisala ku dambo la Liangshan. Chosangalatsa nchoti ambiri mwa iwo sanabadwe akuba ayi, mtsogoleri wawo Song Jiang anali kalaliki wa boma, Lin Chong anali mphunzitsi wa asilikali mpaka bwana wina wamkulu anamutchera mlandu wabodza. Anthu a ntchito zawo, amene katangale anawathamangitsira kutchire.

Ndipo mkwiyowo sunachokere mumlengalenga. Nthawi ya mafumu, mkulu wa boma m'dera anali yemweyo woweruza milandu, yemweyo wotolera misonkho, yemweyonso mkulu wa apolisi, ndiye akakubera ukamusumira kwa ndani? Amesenjala ndi makalaliki ake ambiri analibe malipiro okwanira, ankadyera pa anthu obwera ndi milandu, ukafuna kuti pepala lako liyende upereke kangachepe. Mu ulamuliro wa Qing, uja wa amuna ometa kutsogolo nkuluka tsitsi limodzi lalitali kumbuyo, maudindo ena ankachita kugula ndi ndalama, ndipo munthu wogula mpando amafuna ndalama yake ibwerere, izi sindikuyenera kukufotokozera. Nduna ina dzina lake Heshen inakundika chuma chosaneneka mpaka mu 1799 mfumu yatsopano inamulanda zonse nkumulamula kuti adziphe. Ife a Cashgate ya 2013 tikamaombera m'manja mu vidiyo sho sikuti timangosangalala ndi mateche okha.

Masiki aja ndi nkhani ya mawa m'mawa. Munthuyo ali ndi chipatala choti atsegule, odwala akumudikira, apolisi omwe akumusaka amabwera kudzalandira mankhwala pompo. Akangodziwika basi zonse zatha, ndipo ovutika ndi amene amamuzungulira. Waona momwe bwanamkubwa uja anasokonezekera nkuyamba kumanga aliyense amene wachita kanthu kofanana ndi nyani, poti dzina loti Iron Monkey limatanthauza nyani wachitsulo? Ife timaseka pamenepo koma ndi mmene wolamulira wamantha amachitira, akalephera kugwira mmodzi amakokolola mudzi wonse.

Kukwiya boma linakwiyapo ndithu. Ku Shanghai mafilimu amalupanga anatchuka kwambiri kuyambira 1928, anthu akuuluka ndi kuponya moto m'manja, ndiye pofika 1931 boma la Kuomintang linawaletsa ati akufalitsa zamatsenga ndi kusokoneza achinyamata. A chikomyunizimu atatenga dziko mu 1949 nawonso sanawafune. Nchifukwa chake ambiri amene tinakula tikuonera ndi a ku Hong Kong, komwe kunali pansi pa Britain mpaka 1997. Komanso opanga ake ndi ochenjera, nkhani kawirikawiri amaiika nthawi ya mafumu akale, ngati ya Qing yomwe inatha mu 1912, ndiye palibe bwana wamoyo angadandaule kuti akunena iyeyo.

Koma pali chimodzi chomwe ine chimandivuta ndi mafilimuwa ngakhale ndimawakonda, ndipo ukachione bwino ulendo wina. Sitelingi amamenya bwanamkubwa, amamenya nduna, koma mfumu yaikulu kawirikawiri saikhudza, nthanoyo imakhala ikunena kuti pamwamba pali bwino kungoti ena pakatipa ndi amene aola. Song Jiang uja mapeto ake analandira chikhululuko cha mfumu, nkutenga anzake kukamenya zigawenga zina m'malo mwa boma, ambiri anafera komweko, iye mwini nduna zakatangale zomwe zija zinamupatsa poizoni. Mu filimu yanuyi namonso, pambuyo pa ndewu yonse ija ya pamwamba pa mitengo ikuyaka moto, chimene chasintha nchoti kwabwera bwanamkubwa wina ndipo anthu akungoyembekezera kuti mwina uyu akhala wabwinoko. Mpando ndi womwewo, amesenjala ndi omwewo, misonkho ndi yomweyo. Golide wagawidwa usiku uja akatha anthu abwereranso pamzere wa phala. Mwina nchifukwa chake maboma anadzazolowera nkuwasiya, munthu umatuluka mtima uli mbee koma palibe chimene wauzidwa kuti ukachite.

Sunafunse koma ndikudziwa pa siteji nkhani yotsatira ikhala ya kuuluka. Ndi mawaya mphwanga, wosewera amamumanga lamba m'chiuno mkati mwa zovala, anyamata angapo nkumakoka chingwe kuseri, kenako mawayawo amawabisa ndi magetsi kapena kuwafufuta pa kompyuta. Izi sizikutanthauza kuti anthuwo sadziwa kumenya ayi, Donnie Yen anaphunzitsidwa ndi mayi ake omwe ndi mphunzitsi wa masewerawa, ndipo kutera bwino uli pa waya ndi luso palokha, ambiri amavulala. Yuen Woo-ping anafika poti a ku Hollywood anachita kumuitana kuti akakonze ndewu za mu The Matrix ya 1999. Ndiye madenga a ku Chibavi muwasiye, malata ake ndi a geji yopyapyala ndipo eni nyumba salipira za chipatala.

Ankolo