N'chifukwa chiyani aphungu ku America amakangana pa kukula kwa mgolo wa mowa?

Owerenga wina amene wangoyamba ntchito mu lesitilanti ku America wandilembera imelo. Akuti abwana ake amupatsa pepala la malamulo lofotokoza kuti mowa wa pampopi ndi uti, keg (mgolo wachitsulo wosungiramo mowa wa pampopi) ndi chiyani, ndipo akufunsa kuti: "Kodi aphungu alibe ntchito zina? Mowa si mowa basi?"

Achimwene, kwa womwa ndi mowa basi. Koma lamulo silifunsa za kukoma. Limafunsa kuti mowawo uli m'chotani, ndi wochuluka bwanji, ndipo wagula ndani.

Nkhaniyi inayambira mu 1933, pamene America inachotsa chiletso cha mowa chimene chinayamba kugwira ntchito mu 1920. Kusintha kwa nambala 21 kwa malamulo aakulu a dzikolo kunapereka mphamvu yoyendetsa za mowa kwa chigawo chilichonse pachokha. Ndiye zololedwa ku California mwina ku Utah n'zoletsedwa.

Keg imene anthu amaidziwa kwambiri imalowa magaloni 15.5, pafupifupi malita 59. Mowa wochuluka chonchi, wotsika mtengo, ndi umene umathera ku maphwando a ana asukulu osakwana zaka 21, msinkhu wololedwa kugula mowa kumeneko. Kale apolisi akafika paphwando lotere, aliyense ankati sakudziwa amene wagula. Zigawo zambiri zinakhazikitsa lamulo loti keg iliyonse imatidwe nambala, wogula aonetse chitupa, asayine, kawirikawiri asiyenso ndalama ya chikole. Apolisi akaupeza mgolowo, amatsata nambalayo mpaka kwa amene anaugula.

Apa ndi pamene tanthauzo la keg limafunikira. Lamuloli silingagwire ntchito popanda kunena kuti keg imayambira pati. Ku California imayambira pa magaloni 6. Ku Washington pa magaloni 4. Pali kamgolo kena kofala ka magaloni 5 ndi pang'ono: ku Washington wogula alembetsa, ku California angonyamula n'kumapita. Kamgolo komweko, mowa womwewo.

Utah ndiye sinavutike n'zolembetsa: munthu wamba saloledwa kugula keg n'komwe. Ngakhale m'mabala, ukali wa mowa wa pampopi sudutsa 5 peresenti, ndipo chisanafike chaka cha 2019 malire anali 4. Mowa waukali kuposa pamenepo umagulitsidwa wa m'botolo kapena m'chitini. Ku Alabama nako, kwa zaka zambiri mowa wa pampopi unkaloledwa m'maboma okhawo amene aphungu anawapangira lamulo lapadera.

Sindinganene kuti zonsezi n'zoteteza ana ayi. Zina ndi nkhondo ya malonda pakati pa ofulula, opikulitsa ndi ogulitsa, amene malamulo a kumeneko amawasiyanitsa. Ku Florida, mpaka 2015, munthu ankatha kudzazitsa mowa wa pampopi m'botolo la maaunsi 32 (pafupifupi lita imodzi) kapena la galoni yathunthu (maaunsi 128) n'kupita nalo kunyumba, koma la maaunsi 64, lomwe ndi lofala kwambiri, linali loletsedwa. Lalikulu lololedwa, lapakati ayi! Ine pamenepo sindionapo chitetezo cha mwana aliyense.

Kwa inuyo, pepala la abwana aja muliwerenge bwino, makamaka pamene akunena za kudzazira kasitomala mowa wopita nawo kunyumba. Laisensi yomwetsa pamalopo nthawi zambiri imakhala yosiyana ndi yogulitsa wonyamula, ndipo m'zigawo zambiri chindapusa chimagweranso amene wathira mowayo.