Anthu zikwizikwi akuti adachiona: kodi umenewu si umboni wokwanira?

Bambo wina amene amawerenga zolemba zanga wanditumizira imelo, ndipo funso lake ndaona kuti ndiliyankhire pagulu chifukwa ambiri limawazunguza mutu. Akuti: "Ndakhala ndikuonera mavidiyo a chinyama chonga nyani wamkulu, choyenda ndi miyendo iwiri, chomwe ku America amachitcha Bigfoot, ndi chinzake cha kumapiri a Himalaya chotchedwa Yeti. Amene akuti adachiona ndi ambiri zedi, ena mwa iwo apolisi, alenje ndi aphunzitsi. Kukhoti mboni ziwiri zokha zimamangitsa munthu. Nanga asayansi akukaniranji mboni zikwizikwi? Paja utsi sufuka popanda moto."

Zikomo bambo. Yankho langa ndi lakuti mboni zoona ndi maso n'zokwanira kutinyamutsa kuti tikafufuze, koma pazokha sizingatipatse chilolezo chonena kuti chinyamacho chilipo. Musandimve ngati ndikuwatcha abodza anthuwa. Ambiri mwa iwo adaonadi kanthu, mtima udawagunda, ndipo akamafotokoza amafotokoza zochokera pansi pa mtima. Nkhani yagona pakuti chimene adaonacho chinali chiyani.

Tiyambe ndi za kukhotizo, popeza ndi pamene mwatsamira. Woweruza akamamva mboni, safuna kudziwa ngati padziko pali akuba. Zimenezo n'zodziwika kale, chitseko chothyoka chilipo, katundu wasowadi. Mboni imangothandiza kuloza kuti mwa anthu omwe tikudziwa kuti alipo, wapalamula ndi uti. Pa nkhani ya Bigfoot mboni tikuisenzetsa katundu wina wolemera kwambiri: itsimikize kuti pali mtundu wathunthu wa nyama umene palibe adaugwirapo. Komanso kukhoti komweko mboni zimaphonya koopsa. Bungwe la Innocence Project, lomwe lidayamba mu 1992 ku New York, lathandiza kutulutsa m'ndende anthu mazanamazana pogwiritsa ntchito DNA. Pa milandu yotereyi, pafupifupi 7 mwa 10 iliyonse inali ndi mboni yomwe idaloza munthu wolakwika, kawirikawiri motsimikiza ndi molumbira. Kumbukirani kuti awa ankazindikira nkhope ya munthu mnzawo, ntchito imene ubongo wathu udaizolowera kuposa ina iliyonse. Nanga chinthu chakuda chodutsa pakati pa mitengo kuli chisisira, pa mtunda wa mamita 100, kwa masekondi atatu?

Chimene timakumbukira sichikhala chilili ngati chithunzi chosungidwa m'foni. Nthawi iliyonse tikamafotokoza, timachimanganso. Mu 1974 akatswiri a za maganizo a anthu Elizabeth Loftus ndi John Palmer adaonetsa ophunzira mafilimu a ngozi za galimoto. Ena adawafunsa liwiro la galimotozo pamene "zinkagundana", ena pamene "zinkaphwanyana". Oyambawo adati mamailosi 34 pa ola, enawo adati oposa 40. Pa kuyesa kwachiwiri, patatha sabata adafunsa ngati adaona magalasi osweka. Mwa anthu 50 omwe adamva liwu laukali lija, 16 adati inde, pomwe mwa 50 a liwu lofatsa adavomera 7 okha. Mufilimumo munalibe galasi losweka. Tsono ganizirani munthu amene waona chinthu chachilendo m'nkhalango, kenako akufunsidwa ndi wina amene amakhulupirira kale Bigfoot: "Manja ake anali aatali kufika m'mawondo, eti? Khosi linalibe, si choncho?" Pofika kachisanu kufotokoza nkhaniyo, manjawo afikadi m'mawondo, ndipo mwini wake sakunama.

Nkhani imene imandigwira mtima kwambiri pa zimenezi idachitika ku Rotterdam, m'dziko la Netherlands, mu 1978. Kanyama kotchedwa red panda kadathawa kumalo osungira nyama, ndipo eni malowo adapempha kudzera m'nyuzipepala kuti amene akaone aimbe foni. Mwatsoka kadapezeka katafa pafupi ndi malo omwewo. Komabe mafoni adalira ndithu, anthu pafupifupi 100 ochokera m'madera osiyanasiyana a dzikolo akunena kuti akaona kali moyo. Sadali kufuna ndalama kapena kutchuka. Adaona amphaka, nkhandwe, agalu, koma m'mutu mwawo munali kale chithunzi cha m'nyuzipepala. Mboni 100 zokhulupirika, kanyama kulibe. Apa ndi pamene mfundo ya kuchuluka kwa mboni imagwera: ngati chimene chikusokoneza munthu mmodzi chingasokonezenso wina aliyense, kuchuluka kwa malipoti kumangotiuza kuchuluka kwa anthu omwe adamva nkhaniyo n'kupita kuthengo.

Utsi uja ulipodi, bambo, ndipo moto wake waukulu ndi chimbalangondo. Ku North America kuli zimbalangondo zakuda zoposa theka la miliyoni. Chimbalangondo chimaimirira ndi miyendo iwiri chikafuna kununkhiza kapena kuona patali, ndipo chikatero msinkhu wake umafanana ndi wa munthu wamkulu. China cha ku New Jersey, chomwe anthu adachitcha Pedals, chinkayenda chiimirire nthawi zambiri pakati pa 2014 ndi 2016 chifukwa chidavulala miyendo yakutsogolo, ndipo mukaonera vidiyo yake mungalumbire kuti ndi munthu wavala chikopa. Mu 2009 Jeffrey Lozier ndi anzake adaika pamapu malo omwe anthu amati adaonako Bigfoot kumadzulo kwa America, ndipo mapuwo adangofanana ndi a kumene kumakhala zimbalangondo zakuda. Mu 2024 Floe Foxon adawerengetsera za United States ndi Canada n'kupeza kuti zimbalangondo zikachuluka ndi 1,000 m'dera, malipoti a Bigfoot amakwera ndi pafupifupi 4 peresenti. Sikuti chimbalangondo chimafotokoza zonse ayi. Malipoti amachokeranso kumadera komwe n'zochepa. Kumeneko kuli alenje ovala zobisalira, zitsa zopsa, mithunzi, ndi anthu achipongwe.

Achipongwewo ali ndi gawo lalikulu m'mbiriyi. Mitundu ya anthu oyamba kukhala ku North America inali ndi nthano zake za anthu aubweya a m'nkhalango, ndipo dzina lina la Bigfoot, lakuti Sasquatch, lidachokera m'chilankhulo cha Halkomelem ku British Columbia m'dziko la Canada. Koma dzina lakuti Bigfoot lidatchuka mu 1958, pamene Jerry Crew, woyendetsa chigalimoto chokumba msewu ku Bluff Creek m'chigawo cha California, adapeza mapazi aakulu pafupi ndi makina ake, nyuzipepala ya Humboldt Times n'kulemba nkhaniyo. Mwini ntchitoyo anali Ray Wallace. Atamwalira mu 2002, abale ake adatulutsa mapazi osema a mtengo n'kunena kuti ndi omwe ankadindira m'matope. Kanema wotchuka wa Roger Patterson ndi Bob Gimlin adajambulidwa komweko pa 20 October 1967, ndipo mbali yoonetsa chinthucho ndi ya pafupifupi mphindi imodzi. Patterson anali atalemba kale buku la Bigfoot chaka chapitacho, ndipo adapita kunkhalangoko ndi kamera yobwereka dala kuti akachijambule. Munthu wina dzina lake Bob Heironimus adadzanena kuti iye ndiye adavala chovala chaubweyacho, Gimlin amakana kuti adachitapo chinyengo, ndipo anthu akukanganabe. Kwa ine chodabwitsa ndi chakuti chithunzi chabwino koposa ndi cha 1967, pomwe lero pafupifupi aliyense wolowa m'nkhalango ali ndi kamera m'thumba. Mu 2008 anthu awiri a m'chigawo cha Georgia ku America adaitana atolankhani kuti ali ndi mtembo wake m'firiji. Madzi oundana atasungunuka, chidapezeka chovala cha rabala.

Nanga zogwirika zomwe mboni zidabweretsa? Zidayesedwa, ndipo apa asayansi sitingawanene kuti adakana kuyang'ana. Mu 1976 FBI, nthambi yofufuza milandu ya boma la United States, idalandira ubweya kuchokera kwa Peter Byrne, wofufuza Bigfoot, ndipo idapeza kuti ndi wa nyama ya mtundu wa agwape. Mu 1960 Edmund Hillary, yemwe adakwera Everest ndi Tenzing Norgay mu 1953, adabwereka chikopa chomwe ankati n'cha kumutu kwa Yeti, chosungidwa m'nyumba ya amonke ku Khumjung m'dziko la Nepal, n'kupita nacho kwa akatswiri. Chidapezeka kuti chidaumbidwa ndi chikopa cha serow, nyama ya kumapiri yonga mbuzi. Bryan Sykes wa ku yunivesite ya Oxford adapempha dziko lonse kuti limutumizire ubweya, ndipo mu 2014 adalengeza zotsatira za zitsanzo 30. Zonse zinali za nyama zodziwika: zimbalangondo, akavalo, ng'ombe, agalu kapena mimbulu, nungu, mpaka tsitsi la munthu. Mu 2017 Charlotte Lindqvist wa ku yunivesite ya Buffalo adayeza zitsanzo 9 za Yeti, mafupa, dzino, chikopa, ubweya ndi ndowe. Zitsanzo 8 zinali za zimbalangondo za ku Asia, chimodzi cha galu. Ngakhale chithunzi chotchuka cha phazi lomwe amati ndi la Yeti, chomwe Eric Shipton adajambula mu 1951, chili ndi vuto lake: dzuwa likawomba chipale chofewa, phazi la nyama wamba limasungunuka m'mbali n'kukula.

Ndikudziwa chimene mungandiyankhe, chifukwa okhulupirira onse amachitchula: gorila nayenso azungu ankamuyesa nthano. N'zoona, ndipo ndi mfundo yabwino, koma taonani mmene nthanoyo idathera. Mu 1847 Thomas Savage, dokotala wa mishoni, ali ku Gabon adaonetsedwa chigaza, adasonkhanitsa zigaza ndi mafupa ena, ndipo iye ndi Jeffries Wyman adalemba za nyamayo chaka chomwecho. Gorila wa kumapiri adadziwika kwa asayansi mu 1902, Robert von Beringe atawombera awiri pa phiri la Sabyinyo ku Virunga. Okapi, m'bale wake wa kadyamsonga wa ku Congo, adatsimikizika mu 1901 chifukwa cha chikopa ndi zigaza. Eni nthaka ankazidziwa nyama zimenezi kuyambira kalekale, ndipo kudziwa kwawo kunali kwa mtundu wina: ankatha kukutengani kukakuonetsani pamene zimagona, chimene zimadya, ndi fupa lake lili pakhomo. Umboni wawo unkatsogolera ku chinthu chogwirika m'zaka zowerengeka. Wa Bigfoot watha zaka zoposa 60 ukungobala umboni unzake.

Ndiyeno pali nkhani ya chiwerengero, imene mavidiyo aja saitchula. Nyama sikhala imodzi. Kuti mtundu ukhalepo mibadwomibadwo pamafunika mazana kapena zikwi, zazimuna, zazikazi ndi ana, zonse zikudya, zikuchita chimbudzi, zikudwala ndi kufa. Magorila a kumapiri alipo ongopitirira 1,000 padziko lonse, m'nkhalango zowirira za Rwanda, Uganda ndi Congo, koma owalondola amapeza zisa zawo, ndowe ndi ubweya tsiku lililonse, moti amawawerenga pogwiritsa ntchito DNA ya m'ndowe. Ku America misewu idadutsa m'nkhalango, ndipo galimoto zimagunda agwape, zimbalangondo ndi mikango ya kumapiri chaka ndi chaka. Alenje mamiliyoni amalowa m'thengo ndi mfuti. Makamera odzijambulira okha amangidwa pamitengo paliponse, ndipo imodzi mwa iwo mu 2008 idajambula wolverine (nyama yonga chiuli) mmodzi yekha m'nkhalango ya Tahoe ku California, nyama imene idasowa m'chigawocho kwa zaka zoposa 80. Kamera ipeze wolverine mmodzi, koma iphonye khamu la zinyama zotalika kuposa mamita awiri? Pansi pa nthaka napo palibe. Nyani wamkulu koposa amene adakhalapo, Gigantopithecus, timamudziwa chifukwa cha dzino lomwe Ralph von Koenigswald adalipeza m'sitolo ya mankhwala ku Hong Kong mu 1935, ndipo pano pali mano pafupifupi 2,000 ndi nsagwada zinayi. Ankakhala kumwera kwa China ndi madera oyandikira, ndipo adatha zaka zoposa 200,000 zapitazo. Ku America konse sikudapezekepo fupa la nyani wa mtundu umenewu.

Kodi ndikuti nyama zazikulu zonse tidazipeza kale? Ayi. Mu 2017 asayansi adalengeza mtundu wachitatu wa nyani wamkulu wotchedwa orangutan, wa ku Tapanuli pa chilumba cha Sumatra, wosakwana 800. Chidawathandiza ndi chigaza cha wamwamuna mmodzi amene adafa mu 2013, pamodzi ndi DNA. Mu 2003 pa chilumba cha Flores, m'phanga la Liang Bua, adafukula mafupa a mtundu wa munthu wakale wamtali pafupifupi mita imodzi. Ngati pali malo omwe ndingasiye khomo lotsegula pang'ono, ndi nkhalango za kumeneko, osati za ku Washington kapena Oregon ku America, komwe anthu amati kuli Bigfoot. Koma chitsanzo chomwe ndikufuna muchisinkhesinkhe ndi saola, nyama ya nyanga ziwiri zowongoka ya m'mapiri a malire a Vietnam ndi Laos. Idadziwika mu 1992 ofufuza atapeza chigaza chake m'nyumba ya mlenje ku Vu Quang. Mpaka lero palibe wasayansi adaionapo ndi maso ake ili kuthengo, koma palibe amakayika zoti ndi nyama yeniyeni, chifukwa zigaza zilipo, zikopa zilipo, ndipo kamera ya pamtengo idaijambula mu 1999 ndi mu 2013.

Tsono chimene chingandisinthe maganizo n'chochepa kwambiri: dzino limodzi, fupa la chala, ndowe yatsopano, kapena ubweya wokhala ndi muzu, zoperekedwa ku malabotale awiri osadziwana, onse n'kupeza DNA ya nyani wosadziwika. Zida zoyezera zilipo, ndipo wasayansi amene angapeze zimenezi dzina lake lingamveke dziko lonse, choncho palibe amene angazibise. Mukamaoneranso mavidiyo aja, muzimvetsera ngati wofotokozayo watchula labotale imene idayeza zomwe akuti adatola, ndi kumene zotsatira zake zidasindikizidwa.