Kulumikiza fani ya rediyeta kuti ikhale ndi maliwiro awiri

Funso: Bambo makaniko, ndili ndi Toyota Corolla yakale kuno ku Highfield, mu Harare. Fani itasiya kuyaka yokha, munthu wina anailumikiza ku kiyi, moti tsopano imazungulira mwamphamvu nthawi zonse. Ndichite bwanji kuti izizungulira pang'onopang'ono kapena mwamphamvu malinga ndi kutentha kwa injini?

Yankho: Achimwene, yambani ndi kuchotsa waya ameneyo. Fani yambiri imakoka ma amp 10 mpaka 20, ndipo ikamayamba kuzungulira imakoka oposa pamenepo, choncho switchi ya kiyi imatentha mpaka kupsa. Ndaziona kangapo zimenezi, ndipo zimandimvetsa chisoni chifukwa relay, yomwe ndi switchi yoyatsidwa ndi magetsi ochepa kuti idutsitse magetsi ambiri, ndi yotchipa kuposa switchi yapsayo.

Mufunika ma relay awiri, fyuzi ya ma amp 30, resistor ya fani (kachipangizo kochepetsa magetsi opita ku fani), ndi switchi ya kutentha ya mapini atatu (imene imayaka yokha madzi a injini akatentha), yonga imene ili pa magalimoto ambiri a Volkswagen. Tengani waya wonenepa, wa 4 mm², kuchokera ku batire, adutse pa fyuzi pafupi ndi batirelo, kenako afike pa pini 30 ya relay iliyonse. Kuchokera pa pini 87 ya relay yoyamba, magetsi adutse mu resistor asanafike ku fani, ndipo limenelo ndilo liwiro lochepa. Pini 87 ya yachiwiri ipite ku fani osadutsa kwina. Mapini 86 atenge magetsi ku kiyi, popeza koyilo ya relay imakoka ochepa kwambiri, pamene mapini 85 apite, iliyonse ku pini yakeyake, pa switchi ya kutentha, yomwe pini yake yachitatu mwaimangirira ku chitsulo cha galimoto. Resistor imatentha kwambiri, n'chifukwa chake muyenera kuimanga pamene mphepo ya fani imadutsa, kutali ndi mapaipi a pulasitiki.

Musaiwale chivindikiro cha rediyeta, chomwe chimatsekera madzi kuti asawire msanga. Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, kumene madzi osatsekeredwa amawira pa madigiri 95, pomwe liwiro lalikulu pa switchi zotere limayamba cha pa madigiri 100. Chivindikiro chikatha mphamvu, madzi adzawira mutaima pamzere wa magalimoto mumsewu wa Simon Mazorodze mwezi wa Okutobala, liwiro lalikululo lisanayambe n'komwe.

Mukamaliza, ikani pepala kutsogolo kwa rediyeta fani ikuzungulira. Likakankhidwira kunja m'malo mokakamira, ndiye kuti mawaya awiri a fani mwawatembenuza.