Yankho la malume pa samu ya ma resistor atatu

Moni nonse m'gulu muno. Achemwali, chithunzi cha homuweki ya mwanayu ndachiona. Mumpatse foniyo amve yekha, poti zoti ndilembe zonsezi zala zingatope.

Eya, mphwanga. Funso lako lili ndi batire ya 12 volts ndi ma resistor atatu, tizipangizo tochepetsa kuyenda kwa magetsi, ya 4 ohms, ya 6 ndi ya 3, ndipo akufuna current yotuluka mu batire, ndiko kuti kuchuluka kwa magetsi oyenda mu waya. Iwe waphatikiza 4, 6 ndi 3 n'kupeza 13, wagawa 12 ndi 13 n'kupeza 0.92 amps, koma kumapeto kwa buku alemba 2. Ndiye ukufunsa ngati buku lalakwitsa. Ayi ndithu, bukulo lili bwino. Lamulo la Ohm walidziwa, voltage ndi current kuchulukitsa ndi resistance, koma wathamangira kalukuleta usanayang'anitsitse chojambulacho.

Tenga pensulo. Ika nsonga yake pa plus ya batire, uziyenda nayo pa waya pang'onopang'ono. Ukufika pa resistor ya 4, eti? Pamenepo njira ndi imodzi yokha, current yonse idutsa pompo, ifune isafune. Pitirira. Wafika pa kadontho kakuda kaja, waya wagawika pawiri. Nthambi ina yapita ku 6, ina ku 3, kenako zakumananso pa kadontho kena n'kubwerera ku minus. Lemba A pa kadontho koyamba, B pa kachiwiri. Ya 6 yayambira pa A n'kuthera pa B, ya 3 chimodzimodzi. Imeneyo ndiye parallel. Ya 4 ija ili mu series ndi awiriwo pamodzi, kutanthauza kuti zatsatizana, current yonse ikadutsa mu ya 4 ndiye ikufika pa awiriwo.

Ndipo apa umvetsetse, chifukwa olemba mayeso amakonda kukola ana pomwepa. Akhoza kuipendeketsa resistor, kuiika pakona, kapena kuutalikitsa waya dala kuti zioneke zachilendo. Malo amene chinthu chajambulidwa papepala alibe ntchito, chofunika ndi kumene miyendo yake iwiri yalumikizidwa. N'chifukwa chake funso lililonse lotere uzilijambulanso wekha mowongoka, ndi zilembo pa mphambano iliyonse, usanalembe nambala ngakhale imodzi.

Tsono tiwerengere. Ma resistor awiri a parallel, chulukitsa, kenako gawa ndi chiphatikizo chawo. 6 kuchulukitsa ndi 3 ndi 18, 6 kuphatikiza 3 ndi 9, 18 kugawa ndi 9 ndi 2 ohms. Chidule chimenechi ndi cha awiri okha. Akakhala atatu ubwerere ku fomula ya 1 pamwamba R pansi ija, 1/R = 1/R1 + 1/R2 + 1/R3, ndipo pomaliza usaiwale kutembenuza fraction, ambiri amaluza malikisi pamenepo.

Ukudabwa kuti 6 ndi 3 zabala bwanji 2, nambala yochepa kuposa zonse? Taganiza za jamu ya madzulo mu Chipembere Highway, aliyense akuthamangira ku Limbe. Ena akazembera ya ku Chitawira, ngakhale ndi njira yocheperapo, magalimoto ofika ku Limbe amachuluka, sachepa. Nthambi iliyonse yowonjezera imatsegulira current mpata wina. Choncho yankho la parallel likakutulukira lalikulu kuposa resistor yaing'ono kwambiri pagulupo, dziwa kuti pena pake waphonya.

Basi chatsala n'chophweka. Za mu series timangophatikiza, ndiye 4 kuphatikiza 2 ndi 6 ohms, 12 kugawa ndi 6 ndi 2 amps. Ndi yomwe ili m'buku ija.

Koma ndaona m'munsimo muli gawo b, akufuna current ya mu resistor iliyonse. Apa ubwerere chammbuyo. Mu ya 4 mukudutsa 2 amps yonse, ndiye yadya 2 kuchulukitsa ndi 4, 8 volts. Pa 12 patsala 4 volts, ndipo 4 imeneyo ndi ya pakati pa A ndi B. Ya 6 ikuona 4 volts, ya 3 ikuonanso 4 volts yomweyo, sizigawana ayi. Mu ya 6 ndi 4 kugawa ndi 6, 0.67 amps. Mu ya 3 ndi 4 kugawa ndi 3, 1.33 amps. Usayerekeze kuika 12 volts pa ya 3, upeza 4 amps, pomwe batire ikutulutsa 2 yokha. Inayo ichokera kuti?

Kenako uzidzichonga wekha. 0.67 ndi 1.33 zikukwana 2, kutanthauza kuti zolowa pa mphambano A n'zofanana ndi zotuluka. 8 volts ndi 4 volts zikukwana 12 ya batire. Amenewa ndi malamulo awiri a Kirchhoff, ndipo mkuluyo, Gustav Kirchhoff, anawapeza mu 1845 akadali wophunzira pa yunivesite ya Königsberg ku Prussia, patangopita zaka 18 Georg Ohm atatulutsa lake mu 1827. Ukadzapita ku MUBAS kapena ku Soche Technical, ma circuit a mabatire awiri atatu udzawamasula ndi malamulo omwewa, kungoti ma equation adzachuluka.

Achemwali, poti mukumvera nawo, iyi ndi yanu. Mawaya a m'nyumba ndi parallel, chilichonse chimalandira 230 volts ya ESCOM, n'chifukwa chake babu la kukhitchini likapsa la pabalaza limayakabe. Koma chilichonse mungawonjezere pa ekisitenshoni ija chikuwonjezera current mu chingwe chimodzi chomwecho. Ketulo ya 2,000 watts imakoka pafupifupi 8.7 amps. Ikanipo ayironi ya 1,200 watts, zapitirira 13 amps, pomwe fyuzi ya mu pulagi ndi ya 13. Chingwe chija chimatentha chifukwa cha zimenezo, ndipo zija zomanga kawaya m'malo mwa fyuzi musiye, chonde, mudzaotcha nyumba.

Iwe mphwanga, za soketi usakhudze, zoyeserera zathu ndi za mabatire a tochi a 1.5 volts. Loweruka ndibwera ndi multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, ndi ma resistor, tidzalumikize patebulo uone manambala akutuluka okha. Pakadali pano chotsa ya 4 ija uikepo ya 10 ohms, upeze current ya batire ndi ya nthambi zonse ziwiri. Unditumizire chithunzi cha pepala lonse, chojambula chako chili pamwamba, A ndi B zikuoneka. Yankho lokhalokha sindilandira. Funso lachiwirilo chithunzi chake chatuluka mbuu, ulijambulenso powala.