Mwana wanga akuti popanda wachibale ku khonsolo sangapeze oda

Aphungu, mwana wanga wamwamuna anamaliza maphunziro a ukalipentala zaka ziwiri zapitazo. Ndinagulitsa mbuzi zinayi n'kumugulira zipangizo, ndipo anamanga shedi m'mbali mwa msewu kuno ku Liwonde. Ntchito amaidziwa, koma mwezi umatha atagulitsa tebulo limodzi basi. Anzake ena omwe anaphunzira nawo akupeza maoda a madesiki ndi zitseko. Iye akuti m'dziko muno chilichonse n'kudziwana, ndiye poti ife tilibe wachibale ku khonsolo kapena kumabungwe, bola agulitse zipangizozo apite ku Joni. Kodi akunena zoona? Ndine mayi wa ana anayi, ku Liwonde.

Mayi, zikomo polemba. Mwana wanu sakunama, koma wasakaniza zinthu ziwiri zomwe tonse timazitchula ndi dzina limodzi. Kulipo kudziwana kwa kuseri, komwe munthu amapatsidwa ntchito chifukwa malume ake ndi amene amasaina, kapena chifukwa wapereka kangachepe. Kumeneko ndi katangale, ndipo bungwe la ACB linakhazikitsidwira zimenezo. Sindingamulangize kuti akufunefune. Koma ntchito zambiri za amisiri siziyenda choncho, ndipo ndikukayika ngati anzake onse omwe akupeza maodawo ali ndi malume ku khonsolo.

Taganizirani mmene denga limapezera kalipentala. Bambo wina akumanga nyumba, khoma lafika pamwamba, malata agula kale. Sapita kukayendayenda mumsewu kuyang'ana mashedi. Amatembenukira kwa mmisiri womanga yemwe waima pambali pake ndi kufunsa kuti, "Kodi mukudziwako kalipentala wabwino wokhoma denga?" Mmisiri uja amapukuta matope m'manja, n'kutulutsa foni, n'kuyamba kusakatula manambala. Ali nawo makalipentala asanu kapena kuposa. Amadumpha uja anadya dipoziti, amadumphanso uja anakhoma denga lodontha pa Disembala, n'kuima pa yemwe sanamuchititsepo manyazi. Nkhani yonse yatha m'mphindi ziwiri, ndipo mwana wanu, yemwe mwina ndi waluso kuposa onsewo, wakhala ku shedi kwake akupala thabwa osadziwa kuti ntchito yamudutsa. Nambala yake mulibe m'foni imeneyo. Vuto lake ndi limeneli, Mayi, osati kusowa wachibale.

Ndiye funso n'lakuti, ndani amafunsidwa funso limenelo tsiku ndi tsiku? Omanga nyumba, mafolomani a makontilakitala, owotcherera, oika magetsi, ogulitsa matabwa, ndi anyamata a m'mahadiweya momwe anthu amagula misomali ndi maloko. Awa ndiwo anthu oti adziwane nawo. Palibe mmodzi mwa iwo amene ndi bwana, koma ntchito imadutsa m'makutu mwawo isanafike kwa wina aliyense.

Katswiri wina wa ku America, Mark Granovetter, anafalitsa kafukufuku mu 1973 atafunsa anthu a mumzinda wa Newton, pafupi ndi Boston, mmene anapezera ntchito zawo. Anapeza kuti ambiri mwa omwe anaipeza kudzera mwa munthu sanauzidwe ndi bwenzi lapamtima, koma ndi munthu yemwe ankaonana naye mwa apo ndi apo. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: amene mumadya naye nsima tsiku lililonse amamva zomwe inunso mwamva. Nkhani yatsopano imabwera ndi yemwe amayenda njira zina.

Poyambira penipeni ndi pomwe anachitira atachimenti. Ana ambiri akamaliza miyezi yawo amangotenga kalata yosainidwa n'kusowa, osadzapondanso. Abwerereko, osati kukapempha ntchito, koma kukapereka moni ndi kuonetsa zithunzi za zomwe wapanga chichokere. Mmisiri wamkulu aliyense amakhala ndi nyengo yomwe ntchito imamuchulukira, ndipo akafuna woti amuthandize amakumbukira nkhope yomwe waiona posachedwa. Aphunzitsi ake a kusukulu nawonso amafunsidwa kawirikawiri kuti atchule mwana wodalirika.

Kenako anzake a kusukulu, makamaka omwe anaphunzira ntchito zina. M'masukulu ngati Nasawa, Soche, Namitete kapena Salima, kalipentala amagona chipinda chimodzi ndi womanga, woika mapaipi ndi wowotcherera. Ndikudziwa kuti ali ndi gulu lawo pa WhatsApp, ndipo ndikudziwanso kuti mmenemo mumangodzaza za Bullets ndi Wanderers komanso mauthenga a maliro. Kulemba m'gulumo kuti "ndikufuna ntchito" sikuthandiza. Aimbire mmodzimmodzi, afunse kuti akugwira kuti, akusowa chiyani.

Apa ndi pomwe pali nkhani ya madesiki yomwe mwatchula. Desiki zambiri za masiku ano zimakhala za miyendo yachitsulo ndi thabwa pamwamba. Kalipentala payekha sangaimalize, wowotcherera payekha sangaimalizenso. Sukulu ikafuna madesiki makumi asanu m'milungu itatu, imafuna anthu oti angathe zonse ziwiri pa nthawi yake, ndipo komiti imafuna makotesheni olembedwa bwino, kawirikawiri atatu, kuti ifanizire mitengo. Anzake omwe akupeza maodawo mukafufuza mupeza kuti ambiri sali okha, ndipo ali ndi mapepala. Dzina la bizinesi limalembetsedwa ku ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi, nambala ya msonkho ya TPIN imachokera ku MRA, ndipo pamafunika akaunti ya kubanki ya m'dzina la bizinesiyo. Wofuna kugulitsa katundu ku boma amalembetsanso ku PPDA, pamene wofuna kukhala kontilakitala wa zomangamanga amalembetsa ku CIRA, bungwe loyang'anira zomangamanga lomwe kale linkatchedwa NCIC. Kwa mnyamata mmodzi yemwe akugulitsa tebulo limodzi pamwezi izi n'zolemera, koma atatu akasonkherana zimatheka. Ngakhale wina atamukonda bwanji, sangamupatse oda ya sukulu ngati alibe risiti yoti aike m'failo.

Koma ndichenjeze pano, chifukwa ndinaziona ndi maso anga. Anyamata awiri omwe ndinkawalangiza, wina kalipentala wina wowotcherera, anapeza oda ya madesiki. Anali mabwenzi kuyambira kusukulu, moti nditawauza kuti alembe mgwirizano anaseka, ati amadziwana. Dipoziti inalowa pa foni ya mmodzi. Sabata yomweyo kwawo kunagwa zovuta, iye n'kutapako kuti akagule bokosi, maganizo ake oti abweza. Zitsulo zinagulidwa zosakwanira, ntchito inachedwa, mphunzitsi wamkulu anayamba kuimba m'mawa ndi madzulo. Madesiki anaperekedwa mochedwa ndi mwezi wathunthu, phindu linathera m'mikangano, ndipo lero akakumana pamsika wina amayang'ana kumbali. Palibe anali wakuba pa awiriwo. Chomwe chinasowa ndi tsamba limodzi la m'kope lonena kuti ndani abweretsa chiyani, ndalama zilandiridwa ndi ndani ndipo zisungidwa kuti, zogulira zipangizo zichotsedwa motani, chotsala agawana bwanji, ndipo wina akalephera mbali yake zitani. Asaine onse, pakhale mboni imodzi yomwe onse amailemekeza. Chimodzimodzinso ngongole za pagulu, kaya za kuboma kaya za kwina: asalowe gulu ndi anthu omwe sanawaonepo akugwira ntchito, chifukwa mnzake akathawa ngongole, obwereketsa amagwira otsala.

Chinthu china chomwe achinyamata amachiphonya n'chakuti kudziwana kumayamba ndi kupereka. Akulu anati kupatsa n'kuika. Munthu akabwera ku shedi kufunsa geti lachitsulo, asangoti "ine sindipanga zimenezo." Atenge foni, aimbire wowotcherera uja pomwepo, amulumikize. Sanataye kanthu, koma tsiku lomwe wowotchererayo adzafunsidwe za zitseko, dzina loyamba kubwera pakamwa pake lidzakhala la mwana wanu. Ndipo mnzake akamubweretsera kasitomala, asadzayese kumuzembera n'kumakapangana ndi kasitomalayo kuseri kuti ntchito yotsatira adzatenge yekha. Amisiri a dera limodzi amadziwana onse. Mbiri imeneyo ikatuluka pa Liwonde, mawa lake yafika kale ku Balaka ndi ku Ntaja.

Za misonkhano ikuluikulu sindichulutsa mawu. Bungwe la amalonda la MCCCI limachititsa chionetsero cha zamalonda pa Chichiri mumzinda wa Blantyre, ndipo mabungwe ngati TEVETA, loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, nthawi zina amaitana amalonda ang'onoang'ono ku maphunziro. Akapeza thiransipoti apiteko, koma asakabwere ndi thumba la timapepala totsatsa malonda n'kumati wapindula. Bola alankhule mokwanira ndi anthu atatu, awaonetse zithunzi zowala bwino za ntchito yake, ndipo pasanathe masiku awiri awatumizire uthenga wowakumbutsa kuti iye ndi uja wa ku Liwonde. Pa Facebook ndi pa WhatsApp aziika ntchito zomwe wamaliza, ndi mtundu wa thabwa, paini kapena mlombwa, osati zithunzi za pa intaneti za mipando ya eni ake. Anthu amazindikira.

Inunso, Mayi, musadzichepetse kuti simudziwana ndi munthu. Muli mu mpingo, mwina mu banki m'khonde, mumapita ku maukwati ndi ku misonkhano ya makolo kusukulu. Mmenemo muli omwe akumanga, muli a m'komiti ya sukulu, muli omwe mwana wawo akukwatiwa ndipo akufuna bedi. Chomwe ndingakupempheni n'chakuti musamamupemphere ngati wovutika. Mawu oti "mundithandizireko mwana wanga, akungokhala" amabweretsa chisoni, ndipo wachisoni amapatsidwa ganyu ya mtengo wotsika. Muuzeni akupangireni chitseko chimodzi chabwino cha panyumba panupo, chopaka vanishi, choti aliyense wolowa achione. Wina akachiyamikira, yankhani kuti wapanga ndi mwana wanu, n'kumupatsa nambala. Benchi ya kutchalitchi ikathyoka, akaikonze asanauzidwe.

Za ku Joni, mumuuze kuti kumeneko ndiye kudziwana kumalamula kwambiri. Amalawi ambiri kumeneko amapeza pogona ndi ntchito kudzera mwa mnzawo wochokera kumudzi, ndipo wopita wopanda chilolezo chogwirira ntchito amalandira zomwe bwana wafuna, osadandaula kulikonse. Ngati kuno, komwe amalankhula chilankhulo chake ndipo ali ndi shedi yake, sanayambe kudziwana ndi amisiri anzake, sindikuona chomwe chingasinthe akatsika basi ku Park Station.

Ndikanakonda mupangane naye miyezi isanu ndi umodzi zipangizo zisanagulitsidwe. Sabata ino atenge kope alembe mayina makumi awiri: amene anamuphunzitsa, amene anachita nawo atachimenti, anzake a ntchito zina, omwe amagulako matabwa ndi misomali, ndi aliyense yemwe anamugulapo kanthu, ngakhale kampando kamodzi. Sabata iliyonse aziyendera kapena kuimbira atatu, ndipo pafupi ndi dzina lililonse azilemba tsiku ndi zomwe akambirana. Makasitomala akalewo ayambe ndi iwo, awafunse ngati tebulo lija likadali bwino, ndipo ngati mwendo wagwedera akaukonze ulere. Miyeziyo ikatha mundilemberenso, mundiuze zomwe zili m'kopemo.